Kodi ndege ingatere ndi GPS pa kabwalo ka kwathu mitambo itatsika, ndipo zingadye ndalama zingati?

Mayi wina wa ku Chelstone kuno ku Lusaka walemba motere: "Ndine namwino wopuma pantchito. Kwathu ndi kum'mawa, kumene kuli chipatala cha mishoni chokhala ndi kabwalo ka ndege ka dothi. M'mwezi wa February ndege imene inabwera kudzatenga mayi woyembekezera amene anali pangozi inazungulira kawiri pamwamba pa mitambo n'kubwerera osatera, ndipo wodwalayo anayenda pa ambulansi maola ambiri pamsewu wamatope. Ife ana a kumeneko okhala mu Lusaka tili ndi komiti yosonkha ndalama. Wina watiuza kuti masiku ano ndege zimatera ndi GPS ngakhale kuli mitambo, ndipo sipafunika kumanga chilichonse. Mwana wanga akuti kumeneko n'kuika moyo pachiswe, ndipo akutchula ngozi ya a Chilima. Kodi zoona n'ziti, ndipo tikonzekere ndalama zingati?"

Mayi, ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa chinthu chimodzi. Woyendetsa ndege amene anabwerera tsiku lija anachita zoyenera, ngakhale kuti kwa achibale amene anaima pabwalo akumva kulira kwa injini pamwamba pa mitambo zinali zowawa kwambiri. Ine ndayendetsa ndege zing'onozing'ono m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo ndabwererapo motero kangapo konse, ndikudziwa kuti pansi pali munthu amene akundiyembekezera ndi ululu. Pa kabwalo kopanda njira yolembedwa yotsikira m'mitambo, woyendetsa saloledwa kulowa m'mitambo kupita pansi, chifukwa sadziwa kuti phiri, mtengo kapena mlongoti zili pati. Amene anakuuzani za GPS ananena zoona pamene anati njira yotere ilipo ndipo ndi yotsika mtengo kuposa zida zakale. Pamene analakwitsa ndi pamene anati sipafunika chilichonse. Mwana wanu nayenso ali ndi mfundo, koma ngozi imene akuitchulayo ikutiphunzitsa zosiyana ndi zimene iye akuganiza, ndipo ndifika pamenepo.

Njira yotsikira m'mitambo ndi msewu wa mumlengalenga umene akatswiri anauyeza ndi kuulemba pa pepala. Umauza woyendetsa kuti ayambire pati, alunjike kuti, akhale pamwamba motani pa gawo lililonse, ndipo umathera pa msinkhu wina umene sayenera kutsika kupyola pamenepo ngati sanaone bwalo ndi maso ake. Akafika pa msinkhu umenewo n'kuona bwalo, amatera. Akapanda kuliona, amakweza ndege motsata njira ina yolembedwanso, imene inayezedwa kuti idutse kutali ndi mapiri. Muone kuti ngakhale njira yabwino koposa siichotsa mitambo, imangotsitsa ndege motetezeka kufika pafupi ndi nthaka kuti maso amalize ntchito. Ife a zandege timayeza msinkhu m'mapazi, choncho ndizitchula mapazi, ndipo mukumbukire kuti mapazi 100 ndi pafupifupi mamita 30.

Kale njira zonsezi zinkadalira mawailesi omangidwa pansi. Yakale kwambiri ndi imene timaitcha NDB, mlongoti woulutsa mawu amene singano ya mundege imaloza komwe akuchokera. Ndinaphunzira pa chida chimenechi, ndipo ndikukumbukira madzulo ena a mu January ndikutsika m'mitambo singano ija ikugwedezeka uku ndi uku, kenaka mphezi itang'anima kumanja singano yonse inatembenukira kumeneko, chifukwa chida chimenechi chimakokedwa ndi mphezi monga momwe wailesi yapanyumba imachitira phokoso mvula yamabingu ikayandikira. Panabwera VOR, wailesi ina yapansi imene ili yodalirika kuposa pamenepo, ndipo pamwamba pa zonse pali ILS, yonga imene ili pa bwalo la Kenneth Kaunda, imene imatsogolera ndege kumanja ndi kumanzere komanso m'mwamba ndi pansi mpaka mapazi 200 kuchokera panthaka. ILS ndi chida chabwino zedi, koma chimaboola m'thumba. Pamafunika makina awiri oulutsira, malo osalazidwa bwino patsogolo pake, magetsi osazima, jenereta, mpanda, alonda, amisiri oziyang'anira, ndiponso ndege yapadera yobwera kudzayesa ngati makinawo sanasokonekere. Ndalama zoigula ndi kuiika zimaposa madola 1 miliyoni, ndipo imatumikira mbali imodzi yokha ya msewu wa ndege, uja wa pabwalo umene ndege zimaterapo, kotero mphepo ikatembenuka mumafuna ina. Inu amene munali mu Lusaka mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri tsiku lililonse, mukhoza kuona nokha kuti chida chotere sichingakhale pa kabwalo ka kumudzi, kumene ngakhale nthambo zamkuwa sizigona masiku ambiri zisanabedwe.

Apa ndi pamene masetilaiti anasinthira zinthu. Masetilaiti a GPS, amene ndi a dziko la America, amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera padziko, ndipo chida cha mundege chikamva anayi mwa iwo chimatha kuwerengera pamene ndege ili. Kufikira May 2000 boma la America linkasokoneza dala chizindikirocho kwa anthu wamba, koma litasiya kutero kulondola kwake kunafika pa mamita ochepa chabe. Chida chovomerezeka cha mundege chimachita chinthu china chimene foni yanu siichita: chimadzifufuza chokha. Chikamva masetilaiti asanu chimatha kuzindikira kuti imodzi ikunama, chikamva asanu ndi imodzi chimatha kuitaya yonamayo n'kupitiriza, ndipo chikaona kuti sichingathenso kutsimikiza malo chimachenjeza woyendetsa kuti asiye kutsika. Pa gawo lomaliza la njira, malamulo amafuna kuti ndege isapatuke kupyola mamita pafupifupi 550 kuchoka pa mzere, ndipo kawirikawiri imayenda pamzere penipeni. Njira yotere pa mapepala athu imalembedwa kuti RNP, ndipo pansi sipamangidwa wailesi iliyonse. Mbali zonse ziwiri za msewu wa ndege zikhoza kukhala ndi njira yakeyake popanda kugula makina.

Koma njira za setilaiti sizofanana zonse, ndipo pamene anthu ambiri amasokonezeka ndi pamenepa. Yoyamba ndi LNAV, imene imatsogolera ndege kumanja ndi kumanzere kokha, woyendetsa n'kumadziwerengera yekha katsikidwe. Yachiwiri ndi LNAV/VNAV, imene imawonjezera mzere wotsetserekera pansi, koma mzerewo umawerengedwa kuchokera ku chida choyezera msinkhu chimene chimadalira kulemera kwa mpweya. Yachitatu ndi LPV, imene ingatsitse ndege mpaka mapazi 200 ngati ILS, koma imafuna thandizo lina: malo oyezera omwazikana pansi amene amaona zolakwika za GPS n'kutumiza zokonza kudzera pa setilaiti ina. America ili ndi thandizo lotere lotchedwa WAAS kuyambira 2003, Ulaya ili ndi EGNOS imene inaloledwa pa zandege mu 2011, India ili ndi GAGAN. Mu Africa bungwe la ASECNA, limene limayang'anira mlengalenga wa maiko ambiri olankhula Chifalansa, lakhala likuyesa lake ndipo linaonetsa ndege ikutera nalo ku Lomé m'dziko la Togo mu 2021, koma Zambia si membala wa bungwe limenelo. Choncho wina akakuonetsani nkhani za ku America zonena kuti timabwalo tating'ono tikutsitsa ndege mpaka mapazi 200, dziwani kuti zimenezo si za kwanu pakali pano. Chimene kabwalo kanu kangayembekezere ndi LNAV. Pa malo athyathyathya opanda chotchinga njira imeneyi ingatsike mpaka mapazi 250 kapena 300, koma kum'mawa kumene kuli timapiri tambiri msinkhu wake ukhoza kuthera pa mapazi 600 kapena kuposa, ndipo amene anganene nambala yeniyeni ndi woyeza malo yekha.

Mukhoza kufunsa kuti ngati njirayo ikuthera pamwamba chotero, phindu lake n'lotani. Phindu lake lalikulu ndalionera pa moyo wanga. Ndili mnyamata pantchito ndinatumidwa ku kabwalo kena ka kumpoto nthawi ya dzinja, ndipo nditafika ndinapeza mitambo yaphimba dera lonse. Ndinaona kabowo kamene kankaonetsa mtsinje pansi, ndinazungulira n'kulowa pamenepo, kenaka ndinayamba kutsata mtsinjewo pansi pa mitambo imene inkatsikiratsikira. Mvula yowaza inayamba kumenya galasi, mitengo inkadutsa pafupi kwambiri moti ndinkaona nthambi imodziimodzi, ndipo mwadzidzidzi kutsogolo kunada bii, osati chifukwa cha mtambo koma chifukwa cha phiri. Ndinakhotetsa ndege mwamphamvu n'kulizemba, ndipo nditatera miyendo inkanjenjemera moti ndinakhala m'ndegemo kwa kanthawi ndisanatsike. Palibe anavulala, koma ndinalakwa, ndipo oyendetsa ambiri a m'tchire muno anachitapo zofananazo chifukwa pansi pali wodwala, kapena bwana akudikira, ndipo palibe njira ina. Ngozi zambiri za ndege zing'onozing'ono nthawi ya mvula zimachitika motere, ndege yabwinobwino, injini ikulira bwino, n'kukagunda phiri limene woyendetsa sanalione. Njira yolembedwa imachotsa chiyeso chimenechi. Imapatsa woyendetsa msewu umene wina anauyeza masana dzuwa likuwala, ndipo imamuuza malo enieni osiyira, kotero kuti chisankho chobwerera sichidaliranso kulimba mtima kwake pa mphindi imeneyo.

Bungwe la ICAO, limene limaika malamulo a zandege padziko lonse, limatchula kafukufuku woonetsa kuti njira yolunjika ndi msewu wa ndege ndi yotetezeka pafupifupi ka 25 kuposa ija yofuna kuti woyendetsa atuluke m'mitambo n'kuzungulira bwalo chapansipansi, ndipo mukawonjezera mzere wotsetserekera pansi chitetezo chimakweranso pafupifupi ka 8. N'chifukwa chake msonkhano waukulu wa bungweli mu 2010 unapempha maiko onse kuti pofika 2016 misewu yonse ya ndege yoterapo m'mitambo ikhale ndi njira za mtundu umenewu. Mawailesi akale kawirikawiri ankamangidwa pambali pa bwalo, choncho ndege inkatuluka m'mitambo italoza chammbali n'kumafuna kukhota ili pafupi ndi nthaka, pamene njira ya setilaiti ingathe kuikidwa molunjika ndendende ndi msewu. Ngakhale pa LNAV yopanda mzere wotsetsereka, ophunzitsa timalimbikitsa kutsika mosalekeza pa madigiri atatu, kutanthauza mapazi pafupifupi 170 pa kilomita iliyonse, m'malo mwa kachitidwe kakale kogwetsa ndege msangamsanga kufika pa msinkhu wotsiriza n'kumayenda chapansi kufunafuna bwalo.

Tsopano za ngozi imene mwana wanu akuitchula. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa ulendo wa ku Mzuzu, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, a Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena 8. Ofufuza a ku Germany amene anapemphedwa kuthandiza anapeza kuti ndegeyo inkayenda pa malamulo odalira maso, inalowa m'nyengo yosaoneka bwino ili chapansi, ndipo inagunda malo okwera. Sinali pa njira yotsikira ya setilaiti. Sindinganene kuti njira yotere ikanaipulumutsa, chifukwa ngozi iliyonse imakhala ndi zifukwa zingapo zolukanalukana, koma mumuuze mwana wanu kuti chimene chinachitika kumeneko ndi mtundu wa ngozi imene njira zolembedwa zinapangidwira kuti ichepe.

Tibwere pa ndalama, pamene komiti yanu iyenera kutchera khutu kwambiri. Kulemba njira imodzi ya setilaiti kumawerengedwa m'madola masauzande makumi angapo, osati miliyoni, ndipo poyerekeza ndi ILS kusiyana kwake n'kwakukulu. Ndalamazo zimapita ku ntchito zinayi zimene palibe ingadumphidwe. Oyeza malo ayenera kubwera kudzayeza nsonga zonse za msewu wa ndege pa muyezo wa WGS-84, umene GPS imagwiritsa ntchito, pamodzi ndi phiri lililonse, mtengo wautali, thanki ya madzi ndi mlongoti wa foni m'dera lonse lozungulira. Mapu akale a m'dziko muno anajambulidwa pa muyezo wina, ndipo malo amodzi omwewo akhoza kusiyana ndi mamita mazana angapo, choncho musalole munthu kukulemberani njira kuchokera pa mapu a mu ofesi. Kenaka katswiri wovomerezeka amalemba njirayo motsata malamulo a ICAO, ndege yoyesera imaiuluka kuti itsimikize kuti zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene zili pansi, ndipo pomaliza bungwe la Zambia Civil Aviation Authority liyenera kuivomereza isanasindikizidwe m'buku la boma la zandege. Ikasindikizidwa ntchito siinathe, chifukwa iyenera kuunikidwanso zaka zisanu zisanadutse, ndipo walira mvula walira matope. Ndinafikapo pa kabwalo kena patatha zaka zitatu ndisanapiteko, ndipo ndinapeza mitengo ya bulugamu imene inali yofika m'chiuno itatalika kuposa denga la tchalitchi, chakumapeto kwenikweni kwa msewu. Kampani ya mafoni ikhozanso kuimika mlongoti pa kaphiri kapafupi m'sabata imodzi popanda kudziwa kuti pamenepo pamadutsa ndege. Payenera kukhala munthu wa kumudzi komweko amene ntchito yake ndi kuona zinthu zotere n'kudziwitsa akuluakulu msanga.

Pali ndalama ina imene ambiri amaiiwala, ndipo kwa ine ndi yofunika kuposa pepala la njira. GPS imauza woyendetsa pamene ali, koma msinkhu umene amatsata pa LNAV umachokera ku chida chodalira kulemera kwa mpweya, ndipo chidacho chiyenera kuikidwa nambala ya tsikulo ndi ya malo omwewo, imene timaitcha QNH. Nambala imeneyi ikalakwika ndi 1 yokha, msinkhu umalakwika ndi mapazi pafupifupi 28. Pa 23 May 2022 ndege yaikulu ya Airbus A320 inkatsika ku Paris pa njira ya setilaiti kuli mvula, ndipo oyendetsa anapatsidwa 1011 m'malo mwa 1001. Ndegeyo inatsika mapazi pafupifupi 280 kunsi kwa pamene inayenera kukhala, ndipo ofufuza anapeza kuti inatsala mapazi 6 okha kuti igunde nthaka isanafike pa msewu, chida chodalira kulemera kwa mpweya chija chikuonetsa ngati zonse zili bwino. Ngati zimenezi zinachitika pa bwalo lalikulu lokhala ndi akatswiri ochuluka, ganizirani kabwalo kopanda aliyense woyeza nyengo. Choncho pafunika kachipangizo kovomerezeka koyezera mpweya, mphepo ndi kutentha, koyendera mphamvu ya dzuwa, koyesedwa nthawi ndi nthawi, komanso wailesi ndi munthu wophunzitsidwa woti aziwerenga nambalayo momveka ndi kumvetsera woyendetsa akuibwereza. Nthawi zina amaloleza kugwiritsa ntchito nambala ya bwalo lina lapafupi, koma akatero amakweza msinkhu wotsiriza, ndipo phindu la njirayo limachepa. Munthu yemweyo wa wailesi ndi amene angauze woyendetsa kuti pabwalo palibe ng'ombe, ana kapena ngolo, chifukwa wotuluka m'mitambo pa mapazi 500 amakhala ndi masekondi ochepa oti aone zonsezo.

Bwalo lenilenilo liyeneranso kukhala loyenera. Msewu woterapo m'mitambo umafuna malo olambulidwa otambalala m'mbali mwake kuposa wa masana oyera, ndipo zimenezi zikhoza kukhudza minda ya anthu ndi mitengo ya mango, nkhani imene iyenera kuyambira kwa amfumu osati kwa akatswiri. Dothi limene limasanduka phala mvula ikagwa masiku awiri lidzabweza ndege ngakhale njira ya mumlengalenga ikhale yabwino motani, ndipo pa timabwalo tambiri timene ndikutidziwa ndege zimalephera kutera chifukwa cha matope, zulu za chiswe ndi udzu wautali kawirikawiri kuposa chifukwa cha mitambo. Ngati cholinga chanu n'chakuti odwala azitengedwa ndi usiku womwe, pamenepo pafunikanso nyali za m'mbali mwa msewu ndi chilolezo china, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yodula payokha.

Mbali ya ndege si yanu kulipira, koma muyenera kuidziwa, chifukwa njira imene palibe angaiuluke ndi ndalama zotayika. Ndege iyenera kukhala ndi chida chovomerezeka chomangiriridwa mkati, monga zija za Garmin zimene zili m'ndege zambiri za Cessna Caravan, osati tabuleti kapena GPS ya m'manja. Nkhokwe ya njira ya m'chidacho imasinthidwa masiku 28 alionse ndipo mwini ndege amalipira. Woyendetsa ayenera kukhala ndi chiphaso choulukira m'mitambo ndi maphunziro a njira zimenezi, ndipo kampani yake iyenera kuloledwa. Ndege zina zing'onozing'ono zimene zimapita kumidzi zilibe zonsezi. Ndikuchenjezeninso za chizolowezi china chimene ndimachiopa kwambiri: oyendetsa ena amadzilembera okha kanjira pa GPS yawo, n'kumatsika m'mitambo pa mzere umene palibe anauyeza. Pa galasi la chida kamzereko kamaoneka chimodzimodzi ndi njira yovomerezeka, koma sikadziwa za mlongoti umene unamangidwa chaka chatha. Wina akadzauza komiti yanu kuti akhoza kukukonzerani zotere motchipa popanda kudzera ku boma, mukane.

Zofooka za setilaiti zilipo ndipo sindikubisirani. Chizindikiro chake chimafika pansi chili chofooka kwambiri, choncho n'chosavuta kuchisokoneza. Mu April 2024 kampani ya Finnair inaimitsa maulendo ake a ku Tartu m'dziko la Estonia kwa mwezi wathunthu, chifukwa GPS inkasokonezedwa m'deralo ndipo bwalolo linalibe njira ina yoterera yosadalira setilaiti. M'madera oyandikira pakati pa dziko lapansi, mlengalenga wa m'mwamba kwambiri umavundukanso dzuwa likangolowa, makamaka m'zaka zimene dzuwa lili pa ukali wake pa kuzungulira kwake kwa zaka 11, ndipo chida chikhoza kutaya masetilaiti kwa kanthawi. Pa zifukwa zimenezi woyendetsa wanzeru amanyamula mafuta okwanira kukafika ku bwalo lina, ndipo mabwalo akuluakulu monga a Lusaka, Ndola ndi Livingstone ayenera kusungabe zida zawo zapansi. Chinanso n'chakuti mvula yathu ya pakati pa November ndi April kawirikawiri imabwera ndi mabingu, ndipo palibe njira iliyonse, ya setilaiti kapena ya ILS, imene imaloleza ndege kulowa mu mtambo wa mabingu. Pamene njira ya setilaiti imathandiza kwambiri ndi pa mitambo yoyala ya m'mawa itagwa mvula ya usiku, pa mvula yamvumbi, pa nkhungu ya m'nyengo yozizira, ndiponso pa utsi wa moto wa m'tchire wa mu September ndi October, pamene kumwamba kulibe mtambo koma woyendetsa saona phiri limene lili makilomita atatu patsogolo pake.

Ndikanakhala m'komiti yanu, ndikanayamba ndi kope ndi cholembera ndisanasonkhe ngwee iliyonse ya njira. Pemphani a kuchipatala kuti alembe, kwa dzinja limodzi lathunthu, tsiku lililonse limene ndege inafunika, ngati inabwera, ndipo ngati sinabwere chifukwa chake chinali chiyani: mitambo, matope, mdima, mabingu, kusowa kwa ndege kapena kusowa kwa ndalama. Inu monga namwino mukudziwa kuti mankhwala saperekedwa matenda asanadziwike. Mukapeza kuti mwa maulendo khumi olephereka asanu ndi awiri analephera chifukwa cha matope, ndalama zanu zipite ku ngalande, miyala ndi mpanda. Kachipangizo ka nyengo ndi wailesi ndingakulimbikitseni kugula mulimonsemo, chifukwa ngakhale popanda njira yolembedwa zimathandiza woyendetsa kudziwa asananyamuke ku Lusaka ngati ulendowo uli wotheka, ndipo a kuchipatala amadziwa msanga kuti ayambe ulendo wa pamsewu m'malo motaya maola atatu akuyang'ana kumwamba. Lankhulaninso ndi amene amaulukira kumeneko, kaya ndi a Zambia Flying Doctor Service, ndege za mishoni kapena makampani obwereketsa ndege, muwafunse ngati ndege zawo ndi oyendetsa awo angathe kuuluka njira ya RNP, ndiponso masiku angati pachaka imene ikanawathandiza. Muganizirenso ngati pali bwalo la boma la phula pa mtunda wa ola limodzi kapena awiri pagalimoto, chifukwa nthawi zina n'kwanzeru kuti anthu a maboma angapo agwirizane kupempha njira pa bwalo limenelo, kumene kuli kale antchito ndi oyeza nyengo, ambulansi n'kumakumana ndi ndege kumeneko tsiku la mitambo.

Nthawi yofuna thandizo la akatswiri ndi pamene kope lija laonetsa kuti mitambo ndiyo ikubweza ndege kawirikawiri, ndipo pali woulutsa ndege mmodzi kapena awiri amene alonjeza molemba kuti adzaigwiritsa ntchito njirayo. Pamenepo mwini bwalo, kaya ndi mishoni kapena khonsolo, alembere kalata a Zambia Civil Aviation Authority kuno ku Lusaka, chifukwa iwo ndiwo anganene ngati kabwaloko kali ndi chilolezo choyenera, zimene amafuna pa bwalo lopanda wolondolera ndege, ndi akatswiri amene amawavomereza. A Zambia Airports Corporation, amene amayang'anira kayendedwe ka ndege mumlengalenga mwathu, ayeneranso kudziwa, popeza ndege yotsika m'mitambo iyenera kulekanitsidwa ndi zinzake. Musanalipire ntchito yonse, pemphani katswiriyo kuti ayambe ndi kafukufuku wachidule wongoyerekeza msinkhu wotsiriza umene malowo angalole, ndipo nambala imeneyo muiyerekeze ndi mmene mitambo ya kwanu imatsikira. Ngati njirayo ingathere pa mapazi 900 pamene mitambo ya m'mawa wa February imakhala pa mapazi 400, ndege ya tsiku lija ikanabwererabe, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo mutalipira kafukufuku wochepa yekha. Pa mtengo umene adzakupatseni, onetsetsani kuti alembapo kuyeza malo, ndege yoyesera, ndi kuunikanso kwa zaka zisanu, ndipo m'kalata yanu yopita ku boma muikemo kope la masiku aja, chifukwa ndilo lidzayankhe funso loyamba limene adzakufunseni.